Woyenda naye watsopano ku Mojave: momwe mod ikuyendera

Kwa inu amene mwangoyamba kutsatira ntchitoyi, ndikupanga mod, ndiye kuti chowonjezera chopangidwa ndi wosewera, ya Fallout: New Vegas, gemu imene Obsidian Entertainment inapanga n'kutuluka mu Okutobala 2010. Mod imeneyi ikuwonjezera munthu mmodzi woyenda naye m'chipululu cha Mojave, mayi amene kale ankayeza malo ndi kujambula mapu m'gulu la asilikali a NCR (New California Republic), boma lina la m'gemuyi. Pakadali pano ndikumutchula Wamapu, dzina lenileni adzalandira mawu ake akadzatha kulembedwa. Anthu owombera bwino gemuyi ili nawo kale. Ine ndikufuna munthu woti ukafika naye pamalo, malowo uwaone mwina kusiyana ndi momwe ukanawaonera uli wekha.

Kumayambiriro kwa Malichi

Zida zogwirira ntchito zakhazikika: GECK yomangira, xNVSE yowonjezera mphamvu za ma script, FNVEdit yoonera ngati mafayilo akulimbana, ndi Mod Organizer 2 kuti gemu yoyesera isasakanikirane ndi imene ndimasewera.

Funso loyamba linali lakuti Wamapu azipezeka kuti. Gemu ili ndi oyenda nawo okhazikika asanu ndi atatu, ndipo umaloledwa kutenga awiri basi nthawi imodzi: mmodzi mwa asanu ndi mmodzi olankhula aja, kuphatikiza galu Rex kapena loboti ED-E. Nditawaika onse pa mapu, mpata unaonekera wokha. Boone ali ku Novac. Veronica ali pa 188 Trading Post. Arcade Gannon ali ku Old Mormon Fort mu Freeside. Raul anamutsekera ku Black Mountain, Lily ali kutali kumapiri a Jacobstown. Cass umakumana naye msanga ku Mojave Outpost, koma sanyamuka mpaka utakafika ku Crimson Caravan, kufupi ndi Vegas, n'kubwererako ndi nkhani yomugula kampani yake. Ndiye kuti ulendo wonse woyambirira, kuchokera ku Goodsprings kudzera ku Primm, Outpost, Nipton mpaka Novac, umauyenda wopanda wocheza naye. ED-E ukhoza kumukonza ku Primm, koma iye amangolira kaphokoso ka makina.

Kuzungulira kumeneku Obsidian inachita kufuna. Vegas ili kumpoto kwa Goodsprings ndipo nyali zake zimaoneka usiku, koma njira zachidule anazitseka ndi zilombo zoopsa, ma cazador (mavu akuluakulu) komanso ma deathclaw a ku Quarry Junction. Wosewera watsopano amakakamizika kulowera kummwera, ndipo m'njira imeneyo ndi momwe amaphunzirira dzikoli: akaidi othawa ku Primm, NCR yotopa ndi yosowa anthu ku Outpost, nkhanza za Legion, gulu lankhondo lolimbana ndi NCR, ku Nipton. Gawo lofunika chonchi ndi limene ndikufuna kuti Wamapu aliyende nafe. Ndamuika ku Mojave Outpost, pansi pa zifanizo ziwiri zikuluzikulu za ma ranger ogwirana chanza zija. Sindinamumangire hema kapena kanyumba. Kumanga chinthu pamenepo kukanafuna kuti ndisinthe navmesh, ndiye kuti mauna osaoneka amene amauza anthu a m'gemu poyenera kuponda, ndipo ma mod awiri akakhudza navmesh ya malo amodzi, gemu imayamba kugwa. Wangokhala pampando, chikwama cha mapepala pambali pake.

Kumapeto kwa Malichi

Akutsatira tsopano, akumva malamulo a pa companion wheel (polamulira woyenda naye), akudikira ukamuuza kuti adikire, ndipo ukamumasula amabwerera ku Outpost kapena ku Lucky 38, kasino ya ku Vegas imene wosewera amakhalamo. Ndamulumikiza ku quest ya VNPCFollowers kuti gemu izimuwerenga ngati munthu woyenda naye, isalole kuti utenge iye ndi Boone pamodzi.

Nthawi yambiri mwezi uno yathera pa kuphunzira momwe Obsidian inamangirira nkhani za oyenda nawo ku malo. Mishoni ya Veronica siyamba chifukwa chomufunsa mafunso. Imayamba ukapita naye kumalo ngati Nellis, Camp McCarran kapena Old Mormon Fort, iye n'kuona momwe magulu ena akukhalira ndi moyo pamene gulu lake la Brotherhood of Steel likufota m'dzenje ku Hidden Valley. Raul amatseguka akamva nkhalamba zinzake zitatu zikulankhula: Ranger Andy ku Novac, Corporal Sterling ku McCarran ndi Loyal ku Nellis. Boone ali ndi mapointi obisika amene amakwera ukamalimbana ndi Legion ali pomwepo, ndipo akakwana ndi pamene amayamba kunena za Bitter Springs, kumene asilikali a NCR anapha anthu ambiri iye ali nawo. Kapangidwe kameneka ndimakakonda kwambiri, chifukwa munthuyo amasintha ndi zimene maso ake aona, osati ndi batani limene wadina. Paja kuyenda awiri si mantha.

Koma kali ndi vuto lake. Malo amenewa gemu sikuuza. Anthu ambiri anamaliza New Vegas ali ndi Raul osadziwa n'komwe kuti ali ndi nkhani, chifukwa nkhalamba zija anazichezera asanamutenge, kapena sanapiteko. Kwa Wamapu ndasankha njira ina. Malo omukhudza akhala ambiri kuposa ofunika kuti nkhani yake itseguke, ndipo iye mwini aziwatchula pocheza. Ukamufunsa zimene akuganiza, akhoza kunena kuti pamapu ake akale pali pena pamene anasiya poyera chifukwa asilikali omuperekeza anakana kulowako, n'kutchula mbali imene kuli. Chizindikiro pa Pip-Boy, chida cha pamkono choonetsa mapu, sichibwera. Uyenera kukumbukira zimene wanena.

Perk yake, luso lapadera limene wosewera amalandira, yachokera pomwepo. Aliyense woyenda naye amapereka perk: Boone amawalitsa adani ukamaloza mfuti, Veronica amakhala ngati benchi yokonzera zida, ED-E amatalikitsa maso a kampasi. Ndinakana zoti Wamapu azitsegula zizindikiro za pamapu, chifukwa perk ya Explorer imachita kale zimenezo pa levulo 20, ndipo kwa ine imapha chidwi chofufuza. Mapu akadzaza, sukuyendanso kuti uone, ukungokafufuta mayina. Script yanga ikugwiritsa ntchito GetMapMarkerVisible kuona malo apafupi amene sunafikeko, ndipo Wamapu amakulozera ndi pakamwa: tsata njanji kummawa, ukaona nsanja ya wailesi ukhotere kumanzere. Zikugwira bwino kummwera kwa mapu. Kumpoto sindinayambe.

Epulo

Mwezi wolemba mawu. Malo awiri andiphunzitsa zambiri za munthu ameneyu.

Ku Nipton zinali zosavuta. Ranger Ghost amakutuma kuchokera ku Outpost kuti ukaone utsi, ndipo ukamalowa m'tauni Oliver Swanick amakuthamangira akukondwa kuti wapambana maere. Kutsogolo kuli anthu opachikidwa mbali zonse za msewu, ndipo Vulpes Inculta wa Legion akukudikira pa holo ya tauni kuti akufotokozere chifukwa chake. Wamapu salankhula pamaso pa Vulpes. A Legion akachoka, amatulutsa mapu ake n'kunena kuti tauniyi anaiyeza zaka zingapo zapitazo, nyumba iliyonse ili ndi nambala papepala lake, kenako amakufunsa ngati aifufute kapena aisiye. Yankho lako limasungidwa, ndipo lidzabweranso kutsogolo.

Vault 11, malo a pansi pa nthaka obisalamo mabomba, ndiye inandigwira nthawi. Amene munalowamo mukukumbukira. Pakhomo pali mafupa a anthu anayi ndi tepi imene mukumveka anthu asanu akukangana. M'makonde muli zikwangwani za chisankho, koma zachilendo, chifukwa chilichonse chikupempha kuti muvotere wina, osati mwini wake. Pang'onopang'ono, kuchokera m'makompyuta, umazindikira kuti anthu a m'menemu anauzidwa kuti chaka chilichonse azipereka munthu mmodzi nsembe, apo ayi afa onse, ndipo anagwirizana kuti wosankhidwa kukhala overseer, mtsogoleri wa vault, ndiye azikafa. Magulu a ndale anayamba kugwiritsa ntchito voti ngati chikwapu. Katherine Stone atasankhidwa anathetsa zisankho n'kulamula kuti kompyuta izisankha mwamaere, ndipo nkhondo inabuka. Pansi penipeni pali kanjira kowala, mpando umodzi ndi kanema wotonthoza wopita kukafa. Ndipo chomaliza chimene umamva ndi chakuti akanangokana kupereka munthu, palibe akanafa. Kukanako ndiye kunali kukhoza mayeso.

Ndinakonza mitundu iwiri n'kupereka kwa anzanga oyesa. Mu mtundu woyamba Wamapu amalankhula m'chipinda chilichonse chachikulu. Mu wachiwiri amanena chiganizo chimodzi pakhomo, chakuti vault imeneyi pamapu a NCR palibe chimene analembapo, kenako amakhala chete mpaka mutatuluka panja. Onse anasankha wachiwiri, ndipo ine ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Vault 11 inamangidwa kuti wosewera alumikize yekha zidutswa, ndipo munthu wachiwiri akamafotokoza amakulanda ntchito imeneyo. Mukatuluka, iye amangofunsa kuti ukuganiza kuti wachisanu uja, amene mafupa ake palibe pakhomo, analowera kuti. Funso limeneli lakwanira.

Lamulo limene ndatengapo ndi ili: pamene gemu ikufotokoza nkhani ndi zinthu zoona ndi maso, Wamapu akhale chete. Azilankhula m'misewu italiitali, m'misasa, ndi pambuyo pa zinthu zolemera. Chifukwa cha lamuloli ndadula mawu ake a ku Vault 22 ndi Vault 34 pafupifupi onse.

Meyi

Pempho limene likubwera kwambiri ndi lakuti Wamapu aziloledwa kulowa m'ma DLC, zigawo zowonjezera za gemu zogulitsidwa padera. Pempholi ndi lomveka. Ma DLC a nkhani ndi anayi: Dead Money ya Disembala 2010, Honest Hearts ya Meyi 2011, Old World Blues ya Julaye 2011 ndi Lonesome Road ya Sepitembala 2011. Iliyonse imakweza malire a levulo ndi 5, kuchoka pa 30 kufika pa 50, ndipo pamodzi ndi maola ambiri ndithu. Onse anayi amakukaniza kutenga oyenda nawo a ku Mojave. Munthu wojambula mapu kumusiya kunyumba pamene ukupita kumaiko anayi atsopano, zikuoneka ngati kuwononga mwayi.

Ndinapanga mtundu woyesera wochotsa chiletsocho. Pa makina palibe chovuta kwenikweni. Vuto lili m'nkhani.

Dead Money ndiyo inaonetsa poyera. Umadzuka pabwalo lapafupi ndi kasino ya Sierra Madre utalandidwa chilichonse, bomba lili m'khosi, Father Elijah akukulamula kudzera pa chithunzi cha pakasupe. Wailesi iliyonse yolira ikhoza kuphulitsa mutu wako, mtambo wofiira ukudya moyo wako, ndipo ma ghost people amadzukanso ukapanda kuwadula ziwalo. Anthu atatu amene wapatsidwa, Dog amene ndi God yemweyo, Dean Domino ndi Christine Royce, suwadziwa, sakukukhulupirira, koma mmodzi akafa mwafa nonse. Mphamvu yonse ya DLC imeneyi ili pa kudalira munthu amene sunamusankhe. Christine sangathe kulankhula chifukwa cha zimene Auto-Doc, makina ochita opaleshoni, inamuchita, ndiye mumamvana ndi manja, ndipo umachita khama kumumvetsa chifukwa ulibe wina. Nditaika Wamapu pambali panga, ndi mfuti yake ndi ubwenzi wathu wakale, khama limenelo linatha. Dean akandinyoza ndinalibe nazo ntchito. Sierra Madre inasanduka malo wamba owomberana.

Ku Honest Hearts vuto ndi lina: malo a Wamapu ali kale ndi mwini wake. Ukangofika ku Zion, gulu la Happy Trails litaphedwa, umalandiridwa ndi Follows-Chalk, mnyamata wa fuko la Dead Horses amene ntchito yake ndi kutsata zizindikiro za choko. Iye ndiye amakuonetsa chigwacho, amakuuza malo amene anthu ake amaopa kulowa, ndipo perk yake imatsegula malo apafupi ukakwera pamwamba pa zitunda. Kuwaika awiriwa pamodzi kunali ngati atsogoleri awiri a nyimbo m'bwalo limodzi, wina aliyense akuyambitsa yake. Komanso chinthu chabwino koposa mu Zion, kwa ine, ndi zolemba za Randall Clark m'mapanga. Msilikali amene anapulumuka mabomba a 2077, nakhala m'chigwamo zaka zoposa 40, nasamalira ana osochera mobisala osadzionetsa, mpaka zidzukulu zawo, a Sorrows, n'kumamutchula Atate a m'Phanga. Palibe mishoni imene imakukakamiza kuwerenga zonsezo. Umazipeza wekha, phanga ndi phanga, ukudutsa misampha yake, mpaka mafupa ake pa Red Gate. Lamulo la Vault 11 lija likugwiranso pano.

Old World Blues ikanamulola mosavuta, chifukwa Big MT ndi malo otseguka ndipo ulibe woyenda naye wokhazikika. Koma nkhani imayamba ndi kuchotsedwa ubongo, mtima ndi msana, ndipo sindinapeze chifukwa chomveka choti a Think Tank, asayansi a kumeneko, amusiye Wamapu wathunthu. Lonesome Road ndiye dzina lake likunena kale. Munthu wotchedwa Ulysses akuitana Courier, ndiye kuti wosewera, yekha, pa mlandu wa awiri okha, ndipo amene amakuperekeza ndi ED-E wina wa ku Divide, amene nkhani yake inalukidwa pamodzi ndi njirayo.

Ndiye ndagamula kuti Wamapu salowa mu DLC iliyonse. Ndikudziwa kuti ena mukhumudwa. Ma mod ochotsa chiletsochi alipo, ndipo sindiika chilichonse chowatchinga, koma mawu a kumeneko sindilemba.

Juni

M'malo mwake ndikumanga zimene zimachitika ukabwerako. Gemu yeniyeni inachita zimenezi pang'ono chabe. Ukamaliza Dead Money ukhoza kupeza uthenga wa Elijah n'kukapereka kwa Veronica, amene anali wophunzira wake, ndipo zimene ED-E wa ku Divide analandira zimafika kwa ED-E wa ku Mojave. Kupatula apo, umabwera kuchokera kumalo amene anakusintha, Boone n'kukulandira ngati unangopita kuseri kwa nyumba. Mpata umenewu ndi umene munthu wa mapu angaudzaze bwino kuposa wina aliyense, chifukwa iye amafuna kudziwa kumene unali.

Zikuyenda chonchi. Ukamufikira utamaliza DLC, amayala pepala loyera n'kukupempha kuti umufotokozere malowo ajambule. Amafunsa mafunso, iwe umasankha mayankho, ndipo ukhoza kunena zoona, kubisa kapena kunama. Pa Sierra Madre amafunsa njira yolowera. Ukamuuza, amakhala kaye chete, kenako amafunsa ngati ukufunadi kuti papepala pakhale njira yopita kumalo amene anthu ambiri anafera chifukwa cha golide. Ngati m'chikwama mwako muli ngakhale mtanda umodzi mwa mitanda 37 ya golide ija, wolemera mapaundi 35, amauona ndipo zokambirana zimasintha. Pa Zion amafunsa ngati anthu a kumeneko anatsala kapena anasamuka, malinga ndi kuti unatsata Joshua Graham wofuna kumenya nkhondo kapena Daniel wofuna kuwasamutsa, ndipo ngati anatsala amakana kujambula khomo la chigwa, poti akudziwa zimene NCR imachita ndi mapu abwino. Pa Big MT pali kachigawo kamene ndikukakonda: ukamuuza kuti ma cazador anapangidwa m'malabu a kumeneko ndi Dr. Borous, amatulutsa mapu a kumpoto kwa Goodsprings, pamene panali poyera paja, n'kukuuza chimene chinachitikira omuperekeza ake.

Lonesome Road ndiyo yolemera. Kumapeto kwake ukhoza kuletsa mizinga, kuilozetsa kwa Legion ku Dry Wells, kuilozetsa kwa NCR pa Long 15, kapena kuwombera onse. Long 15 ndi msewu umene umadyetsa NCR yonse ya ku Mojave, ndipo chipata chake chili pa Mojave Outpost pomwepo, pamene Wamapu amakhala. Ukaphulitsa Long 15, iye amakhala ataona kuwalako ndi maso ake. Ndalemba kuti akusiye, osabweranso, ndipo palibe Speech, luso lokopa ndi mawu, imene ingamubweze. Asananyamuke amatchula yankho lako la ku Nipton lija. Ngati unati aifufute tauniyo, amakufunsa ngati afufutenso msewu. Ngati unati aisiye kuti anthu azikumbukira, amakupatsa mapu a Long 15 momwe unalili, n'kunyamuka. Mmodzi mwa oyesa wati n'zowawa kwambiri kutaya munthu pa levulo 45 popanda njira yokonzera. Zowawadi, ndipo zikhala momwemo. Boone amakuukira ukagwirizana ndi Legion, Arcade amachoka ukapitirira malire ake, ndipo ndi chifukwa chake timawatenga ngati anthu.

Pa makina, zonsezi zikutanthauza kuti mod izidalira DeadMoney.esm, HonestHearts.esm, OldWorldBlues.esm ndi LonesomeRoad.esm, chifukwa mawu ake akuyang'ana ma quest a m'mafayilo amenewo. Amene muli ndi Ultimate Edition mulibe vuto. Mtundu wopanda ma DLC sindipanga, chifukwa kusamalira mafayilo awiri kungachedwetse zonse.

Zimene zatsala ndi izi. Malangizo a pakamwa a kumpoto kwa mapu, kuyambira Freeside mpaka Jacobstown ndi Nellis, sanalembedwe. Mu Hardcore, momwe oyenda nawo amafa kotheratu, Wamapu akufa msanga kwambiri ma cazador akamuluma, ndiye ndikuwonjezera moyo wake pang'ono koma mfuti yake ikhala yofooka momwe ilili. Pali bug imene ikuchitika ukamaliza ma DLC awiri usanamuone: akufunsa za yachiwiri yokha, yoyamba n'kutayika. Chifukwa chake ndachipeza, variable imodzi ikulembedwa pamwamba pa inzake, ndipo ndiigawa kukhala zinayi. Mawu ake ojambulidwa ndi mafayilo a .lip oyendetsa milomo adikira mpaka zolemba zitatsekedwa.

Kwa inu oyesa, chimene ndikufuna kwambiri tsopano ndi ma save a anthu amene anamaliza Lonesome Road ataphulitsa mbali zonse ziwiri, komanso a amene anamaliza Honest Hearts posamutsa a Sorrows. Nthambi ziwiri zimenezo ndazidutsa ndi console yokha (kulemba malamulo odumphira nkhani), ndipo ndikufuna kuona ngati zikutseguka bwino pa save yoseweredwa kuchokera ku Goodsprings.